Nkhwangwa Ikatema Bondo

M'dzinja lapitali, tsiku lina Lolemba m'maŵa, tidaona kuti malo ena m'kalasi mwathu adali opanda mwini. Mnyamata wokhala pamenepo, wa zaka 12, sakonda kujomba, ndipo titafunsa anzake adatiuza kuti ali kuchipatala. Loŵeruka madzulo mai ake adamtuma kuti aŵaze nkhuni zobwera nazo kusukulu zophikira phala, monga achitira ana onse. Poona kuti nkhwangwa ya bambo ake ndi yolemera, maiwo adampatsa kankhwangwa kakang'ono, poyesa kuti kakang'ono ndiko koyenera mwana. Mnyamatayo adaimika chipika cha bulugamu pansi, iye ali chiimire, natema ndi mphamvu zake zonse. Kankhwangwa kadangokhudza m'mbali mwa chipika, nkutsetsereka, nkudzamtema pa msongolo, m'munsi pang'ono mwa bondo. Adamsoka, ndipo adakhala milungu itatu osaponda pasukulu.

Makolo athu akamati nkhwangwa yatema bondo amatanthauza kuti zinthu zavuta. Ife tidali kuyesa kuti ndi mau okuluŵika chabe, koma tsiku limenelo tidazindikira kuti munthu amene adayamba kuwanena adaona magazi enieni. Ndicho chifukwa chake mwezi uno tafuna kuti tikambirane nanu, aŵerengi okondedwa, nkhani yooneka ngati yaing'ono, komatu yokhudza khomo lililonse pamene pamafuka utsi.

Mtsutso wa aphunzitsi

Nkhani ya mnyamatayo idautsa mtsutso pakati pathu aphunzitsi. Mnzathu wina wachinyamata, amene wangochoka kumene ku koleji, adati ana asamapatsidwe nkhwangwa konse, koma mpeni. Iye adali ataona pa foni yake anthu a maiko a kutali amene amapita kukagona kuthengo mongofuna kusangalala, ndipo poŵaza nkhuni amaika mpeni pamwamba pa mtengo namaumenya pamsana ndi chibonga kufikira mtengowo utang'ambika. Ife achikulire tidaseka, nkumuuza kuti mpeni ndi wa nyama ndi mbatata. Koma iye adatifunsa ngati tidayesapo, ndipo tidasoŵa choyankha. Mphunzitsi amene amauza ana tsiku ndi tsiku kuti safunsa adadya phula sayenera kukana chinthu asanachiyese. Chotero tidapangana kuti Loŵeruka lotsatira tikumane pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa sukulu, aliyense ndi chida chake.

Ife tidabwera ndi kankhwangwa kogula kwa wosula zitsulo wa pamsika, kosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto. Mnzathu uja adabwera ndi mpeni wosapinda, wochindikala, umene chitsulo chake chimapyola m'chigwiriro monse kufikira kumapeto. Nkhuni tidasonkhanitsa za mitundu inai: paini, malaina, bulugamu wouma ndi muŵanga.

Zimene tidaona

Pa paini ndi pa malaina, mitengo yonenepa ngati mkono wa mwana, mpeni udatichititsa manyazi. Mnzathuyo adaukhazika pamwamba pa mtengo, naumenya katatu kapena kanai, mtengo nkugaŵika bwino lomwe. Kenaka adang'amba zidutswazo kaŵiri ndi kaŵirinso, mpaka adapeza timitengo tonga zala, toyatsira moto. Ife ndi kankhwangwa kathu tidavutika kuti timitengo totere tiime tokha pa chitsa, ndipo kangapo konse tidadzipeza tikufuna kutigwirizira ndi dzanja lamanzere, chinthu chimene chadula zala za anthu ambiri.

Titafika pa bulugamu wouma zinthu zidatembenuka. Mpeni udaloŵa pang'ono nkukanirira. Kuumenya sudapitirire, kuuzula sudatuluke, kufikira tidakhomera kamtengo kosongoka mu mng'alumo kuti tiumasule. Kankhwangwa kadagaŵa chipika chomwecho titatema kanai. Pa muŵanga mnzathuyo adangouyang'ana mtengowo, nabweza mpeni wake m'chimake, pakuti adadziŵa kuti akaumiriza atsala ndi chigwiriro chokha m'manja. Kankhwangwa komwe kadachita kulimbana nawo, ndipo chipika chachikulu cha mfundo chidadikira nkhwangwa yaikulu.

Tsono palibe amene adapambana mnzake, koma tonse tidachoka pamenepo titaphunzira kanthu. Tiyeni tifotokoze chifukwa chake zidatero.

Kutema ndi kuŵaza n'kosiyana

Mtengo uli ngati mtolo wa udzu womangidwa zolimba: ulusi wake umayenda m'litali, kuchokera kutsinde kunka kunsonga. Potema timadula ulusiwo chopingasa, ndipo pamenepo chofunika ndi kuthwa kwa chitsulo. Poŵaza sitidula ulusi ai, koma timaulekanitsa, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi kuchindikala kwa chitsulo. Kukamwa kwa nkhwangwa kumangotsegula njira. Mutu wake wonka nunenepa ndiwo umakankhira mbali ziŵirizo uku ndi uko, kotero kuti mng'alu umathamanga patsogolo pa chitsulo.

Mutu wa kankhwangwa umalemera pafupifupi theka la kilogalamu kapena kupitirirapo, ndipo uli kumapeto kwa mpini. Munthu akauponya, kulemerako pamodzi ndi liŵiro zimasonkhana pamalo amodzi. Mpeni wa mtundu tanena uja umalemera magalamu 100 kapena 200 okha, ndipo ndi wopyapyala. Paokha ulibe mphamvu yoŵazira. Mphamvu yake imachokera ku chibonga. Popeza ndi wopyapyala, sukankhira mtengo kutali, ndipo mtengo wolimba umaupana monga msampha upanira mbeŵa. Ndiponso mpeni sungang'ambe mtengo wonenepa kuposa utali wake, pakuti nsonga yake iyenera kutulukira mbali inayo kuti chibonga chipeze pomenya.

Koma mpeni uli ndi ubwino umodzi waukulu umene ife achikulire tidauvomereza tsiku lija. Suphonya. Kukamwa kwake kumakhala kutakhazikika kale pa mtengo chibonga chisanatsike, ndipo chimene chimauluka m'mwamba ndi mtengo wosathwa. Munthu akaphonya, amangomenya chitsa kapena nthaka. Pa kankhwangwa chimene chimauluka ndi chitsulo chakuthwa, ndipo chikaphonya chiyenera kuima penapake.

Chinyengo cha kankhwangwa

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Makolo ambiri timayesa kuti kankhwangwa, pokhala kakang'ono, kali ndi ngozi yaing'ono. Zoona zake ndi zosiyana. Tengani chingwe chachitali, mumange kamwala kunsonga, muimirire ndi kuchitsitsa monga mutsitsira nkhwangwa: kamwalako kagunda pansi patsogolo panu. Fupikitsani chingwecho mubwereze: kamwala kabwerera ku miyendo yanu. Nkhwangwa yaikulu ya mpini wautali ikaphonya, kaŵirikaŵiri imakatema nthaka. Kankhwangwa ka mpini wa masentimita 30 kapena 40 kakaphonya munthu ali chiimire, sikafika pansi; njira yake imathera pa bondo, pa msongolo kapena pa phazi. Izi ndizo zidamchitikira mnyamata wathu uja, ndipo sichidali chibwana chake ai. Munthu wamkulu yemwe akadavulala chimodzimodzi.

Mankhwala ake ndi apafupi. Woŵaza ndi kankhwangwa agwade, maondo onse aŵiri pansi, chitsa chachifupi ndi chachikulu chili patsogolo pake. Chipika achiike chakumbali ya kutali ya chitsacho, kuti akaphonya chitsulo chikakamire m'chitsa. Mtengo ukakhala woonda wosatha kuima wokha, asaugwirizire pamwamba. Augoneke, akhazike kukamwa kwa kankhwangwa chakunsonga kwake, agwire mpini ndi mtengowo pamodzi, nakweze zonse ziŵiri ndi kuzigwetsera pa chitsa. Chitsulo chikaloŵa, apotoze pang'ono, mtengo ung'ambika wokha.

Palinso ngozi ina ya nkhwangwa zathu za kumudzi. Nkhwangwa za m'sitolo zili ndi boo m'mutu mwake moloŵetsa mpini, pamene zathu zili ndi mchira wosongoka umene umaloŵa m'mutu wa mpini. Kapangidwe kameneka nkabwino, pakuti munthu angathe kusema mpini watsopano yekha, koma mpini ukauma kapena kung'aluka chitsulo chimaguluka. Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Vuto limeneli ndi lakale kwambiri. Malamulo a Mose, m'buku la Deuteronomo mutu 19, amakamba za munthu amene wapita kunkhalango ndi mnzake kukadula mitengo, chitsulo nkuguluka mu mpini nkupha mnzakeyo, ndipo amamlola kuthaŵira ku mudzi wopulumukirako popeza sadachite dala. Ngati ngozi imeneyi idafika polembedwa m'malamulo, ife tisaiyese nthano. Tisanateme, tiyambe tagwedeza chitsulo ndi dzanja, ndipo pasakhale munthu woima patsogolo pathu.

Kumene nzeru ya mpeni idachokera

Mnzathu wachinyamata sadanamizidwe ndi zimene adaona pa foni, koma padali chinthu chimodzi chimene zithunzizo sizidamuuze. Anthu amene adatchukitsa njira imeneyi ndi a maiko ozizira a kumpoto. Ku Sweden kuli tauni yotchedwa Mora imene yakhala ikupanga mipeni yotere m'mafakitale kuyambira chaka cha 1891. Ku Canada kudali mphunzitsi wa moyo wa m'thengo dzina lake Mors Kochanski, amene adamwalira mu 2019, ndipo adaphunzitsa anthu ambiri kugwira ntchito zazikulu ndi mpeni waung'ono ndi chibonga. Komatu nkhalango za kumeneko zadzala ndi paini ndi mitengo ina yofanana naye, yoongoka, ya ulusi wolunjika, yosavuta kung'amba. Kuno kwathu tili ndi muŵanga, mthethe ndi tsanya, mitengo youma gwa, ndiponso bulugamu amene ulusi wake umapotana, ndipo akauma amakanika koposa pamene ali wamuŵisi. Nzeru ya kwina ndi yabwino, koma poilandira tiziyamba tafunsa mtengo umene idayesedwapo.

Ndipo titaganiza bwino tidapeza kuti nzeruyi si yachilendo konse pakati pathu. Kodi oluka malichero ndi madengu amang'amba nsungwi ndi chiyani? Amakhazika mpeni pansonga ya nsungwi, naugogoda pang'ono, nsungwi nkugaŵika kufikira kutsinde. Palibe woluka amene angatengere nkhwangwa ntchito imeneyi. Makolo athu adadziŵa kale kuti chomera cha ulusi wolunjika chimamvera mpeni.

Mtsutso wa mpeni ndi nkhwangwa udayankhidwanso kalekale ndi munthu amene dzina lake lenileni silidziŵika. M'chaka cha 1991 anthu ena okwera mapiri a Alps, pa malire a Italy ndi Austria, adapeza mtembo wa munthu wosungika m'madzi oundana. Akatswiri adapeza kuti adamwalira zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo adamutcha Ötzi. Pakati pa katundu wake padali kankhwangwa ka mkuwa ka mpini wa masentimita pafupifupi 60, ndiponso kampeni kakang'ono ka mwala. Munthu woyenda pansi m'mapiri sasenza chinthu chopanda ntchito, koma iye adanyamula zonse ziŵiri.

Tichenjezepo za mipeni yopinda, monga ija ya Okapi imene ambiri a ife tidakula tikuiona m'matumba mwa azibambo athu. Mipeni imeneyi idayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 idayamba kupangidwa ku South Africa. Ndi yabwino pa ntchito yake yodula ndi kusenda. Koma mpeni uliwonse wopinda umagwira pa kamsomali kamodzi, ndipo sudapangidwire kumenyedwa. Ukamenyedwa ungathyoke pamenepo kapena kupindikira pa zala za mwiniwake. Mipeni yopyapyala ya kukhitchini nayo isayesedwe, makamaka ija imene chitsulo chake chimangoloŵa pang'ono m'chigwiriro. Ndipo chomenyera chikhale mtengo nthaŵi zonse. Mwala kapena nyundo zimaononga mpeni ndi kuthothola tizitsulo touluka m'maso.

Nanga tiŵaziranji?

Wina angafunse kuti bwanji osangosonkhezera zipika zathunthu. Mai aliyense wophika m'dzinja akudziŵa yankho lake. Mtengo wogwa kale ukavumbidwa ndi mvula umanyowa kunja, koma m'kati umakhala wouma, ndipo woŵaza amapeza poyatsira moto ngakhale kutagwa mvula ya masiku atatu. Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ochuluka, mwina kufika theka la kulemera kwake, ndipo khungwa limatsekera madziwo m'kati. Ukaŵazidwa umauma msanga. Nkhuni zaziŵisi zimataya moto wao pophwetsa madzi, nkudzaza khitchini ndi utsi umene umaŵaŵa m'maso ndi kudwalitsa zifuŵa za amai ndi ana ali kumbuyo. Mbaula zadothi za chitetezo zimene zafala m'midzi mwathu zimafuna timitengo tating'ono touma, ndipo banja limene laphunzira kuŵaza bwino limaona mtolo umodzi ukukhalitsa. Masiku ano pamene amai amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, chimenechi si chinthu chochepa.

Chigamulo chathu

Tsono chida chisankhidwe poyang'ana mtengo, ndiponso poyang'ana dzanja logwira. Timitengo toyatsira moto, ndi mitengo yofeŵa yosaposa mkono wa mwana, ndi ntchito ya mpeni wolimba wosapinda ndi chibonga. Mitengo yonenepa ngati mwendo wa munthu ndi ntchito ya kankhwangwa, woŵaza atagwada. Zipika zazikulu, za mfundo ndi za mitengo yolimba ndi za nkhwangwa yaikulu m'manja mwa munthu wamkulu, ataima motangadza miyendo. Chikwanje chili pakati: chingathe kumenyedwa pamsana monga mpeni pa mitengo yofeŵa, koma pochiponya pa chipika chimatsetsereka msanga, popeza ndi chopyapyala ndi chachitali.

Munthu wamkulu wopita kumunda wa kutali kapena kokasodza, amene angathe kunyamula chida chimodzi chokha, ife tikuti atenge kankhwangwa. Kankhwangwa kakuthwa kangathe kusema ndi kusongola mtengo, ngakhale mosakongola, pamene mpeni sungagaŵe chipika cha muŵanga ngakhale munthu atatha tsiku lonse. Koma kwa mwana wa zaka 10 kapena 12 mnzathu wachinyamata adanena zoona. Mwana ayambe ndi mpeni ndi chibonga pa mitengo yofeŵa, wamkulu ali pomwepo, ndipo kankhwangwa akalandire ataonetsa kuti wazoloŵera kugwada ndi kupenyetsetsa pomzungulira.

Makolo anzathu, tikupemphani musunge zinthu izi. Chida chikhale chakuthwa, pakuti chobuntha ndicho chimadumpha pa mtengo ndi kukakamiza munthu kutema mwaukali. Nkhuni ziŵazidwe dzuŵa lisanaloŵe. Ngozi zambiri zimadza m'chisisira, pamene mai akufulumira kuti aphike nsima. Ana ang'onoang'ono akhale kutali, mtunda woposa kaŵiri utali wa mkono ndi mpini pamodzi. Woŵaza ayang'ane kumwamba ngati kuli nthambi kapena chingwe choyanikapo zovala chimene chingakole chida. Munthu amene walaŵa moŵa asagwire nkhwangwa. Ndipo ntchito ikatha chida chisasiyidwe chigonere pabwalo.

Ngozi ikagwa, tsindikani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, kwezani mwendo kapena mkono wovulalawo, ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Musathiremo dothi, phulusa kapena ndowe, pakuti m'zinthu zotere ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata. Mukafika, auzeni achipatala chimene chamtema ndi nthaŵi imene adalandira katemera womaliza.

Mnyamata wathu adabwerera m'kalasi, ndipo akuyenda bwino ngakhale chipsera chidatsala. Titapita kukamuona kwao, mai ake adagwetsa misozi, nati iwo adayesa kuti akumchitira chifundo pompatsa kakang'ono. Sitidawadzudzule, pakuti nafenso, patatha zaka zoposa 30 tikuphunzitsa ana, tikadachita chimodzimodzi. Tidangopempha kankhwangwa kaja, tidagubuduzira chitsa pakati pa bwalo, ndipo tidagwada m'fumbi pamodzi ndi mnyamatayo ndi bambo ake, nkuŵaza chipika chija cha bulugamu chimene chidali chikhalire pomwepo. Loŵeruka likudzali, bambo aliyense woŵerenga tsamba lino achite chomwecho ndi ana ake.